Telala amene anakhulupirira nambala

A Rasaki anasoka zovala pamsika wa Oje muno mu Ibadan kwa zaka makumi atatu, mpaka sitiroko inawafoola dzanja lamanja. Makina anapatsa mng'ono wawo. Akazi awo anali atamwalira kale, ana onse ali ku Lagos. Ine Yetunde ndimagulitsa mankhwala moyang'anana ndi nyumba yawo, ndipo ndine ndinawaikira masewera enaake mufoni, poti zinkandiwawa kuona munthu wamkulu akungoyang'ana khoma tsiku lonse.

Masewerawo ndi a pa intaneti. Anthu anayi, aliyense ndi foni yake, mumathandizana kupha chilombo. Lamlungu lililonse masana tinkakumana pakhonde pa Gbenga wokonza majenereta: iyeyo, mkazi wake Folake, ine ndi a Rasaki. Kwa mkuluyu, ulendo wa pa sabata unali wokhawo. Ankabwera atavala mkanjo wawo wa agbada wosita bwino ngati akupita ku ukwati.

Zala zawo sizinkathamanga, ndiye anadzipezera ntchito. Ankaima kutsogolo n'kumachiputa chilombocho kuti chizimenya iwo, ife tikuchibaya kumbuyo. Tinkapambana, abale.

"Akulu, koma ndiye muli ndi msana," ankatero Gbenga.

"Ndalera ana asanu ine. Chilombo chingandiuze chiyani?"

Kenaka eni masewerawo, kaya anadya chiyani, anaika chikwangwani chotuluka pamapeto, choonetsa nkhonya zimene aliyense waponya. Zimene walandira m'malo mwa anzako, zimenezo sawerenga. Tsiku loyamba Folake anapeza 9,000, Gbenga 8,000, ine 6,000, a Rasaki 400. Kwathu kuno wamng'ono satchula pamene wamkulu waperewera, choncho tonse tinangoti zii, Folake n'kuthamangira kukapakula amala, nsima ya kwathu kuno. Tinalakwa pamenepo. Iwo anaona ngati tikuwamvera chisoni.

Lamlungu lotsatira sanabwere. Ndinawalondola kunyumba kwawo.

"Bambo, nambala ija ndi yopusa. Siwerenga ntchito yanu."

"Mwana wanga, zaka zonsezi anthu ankandiuza kuti chiuno chawo ndi 34, tepi n'kunena 40. Ine ndinkamvera tepi, osati pakamwa pa munthu, ndipo chovala sichinabwerepo. Inu mumandikonda, n'chifukwa chake mukunama. Ndakhala ndikukulemetsani miyezi yonseyi, inu osanena."

Ndinapsa mtima mpaka kukweza mawu pamaso pa munthu wamkulu, chinthu chimene sindinachitepo. Iwo anangondifunsa ngati ndadya.

Tinaitana mlongo wake wa Folake, wa zala zothamanga, kuti alowe m'malo mwa a Rasaki. Mhu, tinagonja Malamlungu anayi otsatizana. Aliyense ankafuna dzina lake pamwamba pa chikwangwani, woima kutsogolo panalibe, chilombo n'kumatithamangitsa ngati nkhuku. Ndewu zinkatalika, ndiye ndi manambala omwe ankakula, koma osapambana. Ndinajambula chikwangwani cha Lamlungu lomalizalo, chokhala ndi mawu ofiira pamwamba onena kuti tagonja, n'kupita nacho kwa a Rasaki. Mumtima ndinkati lero aona okha.

Ndinawapeza ali m'malaya amkati, ndevu osameta. Anavala magalasi n'kuyendetsa chala pa manambala, mmodzimmodzi.

"Folake 14,000. Iwe 11,000. Waona? Nonse mwakwera chichokereni ine."

"Bambo, werengani pamwambapo. Tagonja. Popanda inu sitikupambana."

"Zimenezo muzolowerana naye mnzanuyo. Koma nambala ndi izi."

Anandibwezera foni yanga, kenaka anatulutsa yawo pansi pa pilo n'kundipatsa ndi dzanja labwinolo.

"Unaika ndiwe masewerawa. Undichotseremo, ine sindidziwa pofufutira."

Ndinawachonderera, ndinalira, iwo anangodikira. Ndinafufuta.