Matumbo a nkhuku ya ku Chanyanya

Apongozi anga anabwera kuchokera ku Chanyanya atapanira nkhuku m'khwapa, miyendo yomanga ndi kansalu. Anati ndi ya mdzukulu wawo, mwana wanga woyamba, amene anali atangoyamba kuyenda.

Tinaiphera kuseri kwa nyumba yathu ku Kafue Estates. Iwo anasosola, ine ndinatumbula. Nditang'amba matumbo ndinaona njoka za m'mimba, zoyera, zotalika ngati chala, zina zikugwedezeka.

"Amama, taonani izi."

Anasuzumira m'beseni n'kuseka. "Nkhuku ya kumudzi iyo, amake mwana. Imadya pansi, si zanu za mufiriji. Finyani chabe, mutsuke."

Kwawo kwa amuna anga sataya matumbo. Amawakulunga pa mapazi a nkhuku, n'kuphika, ndipo gawo limenelo ndi la mwana wamng'ono pakhomo. Kukana kukanakhala ngati kunena kuti mphatso yawo ndi yauve. Koma ndinene zoona, ine ndine mayi wamantha. Ku koleji ndinaphunzira za kompyuta, palibe anandiuzapo ngati njoka za nkhuku zingalowe mwa mwana.

Titakhala pa nshima, apongozi anaika phazi lija m'kambale ka mdzukulu wawo. Ndinalitenga, ndinamasula matumbo onse, n'kuwaponya m'kamwa mwanga. Ndinameza osatafuna bwino.

"Aa! Manje kulanda mwana?"

"Ndawalakalaka kuyambira m'mawa, amama."

Anandiyang'ana pamimba nthawi yaitali. "Kapena kuli wina m'njira? Uyu akalibe kuleka bele!"

Mwana anali akuyamwa phazi lake lopanda kanthu, osadziwa kuti wamanidwa.

M'mawa mwake ndinapita ku shopu ya mankhwala a ziweto pafupi ndi msika. Wogulitsa anati njoka za nkhuku sizikhala mwa munthu, koma nkhukuzo zimaonda nazo, ndiye zimwetsedwe mankhwala m'madzi. Ndinatumiza botolo ku Chanyanya. Mtima sunakhale pansi kwenikweni. Mantha anga samva msanga.

Apongozi atabweranso ndi nkhuku ina, matumbo ndinatsuka ndekha mpaka zala kuwawa, n'kuwaphika mpaka kufewa. Iwo anaika phazi lokulungidwa ndi matumbo m'kambale ka mwana. Ndinabisa manja pansi pa chitenje, ndipo mwana anadya.