Tsitsi la Achemwali a Flossie

Maganizo ochoka ndinawamanga ndili chiimire pa Msika wa Tsoka, ndikuyesa chikhothi cha kaunjika dzuwa likuswa mtengo. Wogulitsayo anandifunsa ngati ndikudwala malungo. Ndinamuuza kuti ndikupita ku Mangalande kukagwira ntchito ya unamwino, ndipo kanali koyamba kuti mawuwo atuluke pakamwa panga. Ndinali nditatopa ndi malipiro a pa kiliniki ina ya ku Old Town, amene ankatha mwezi usanafike pakati. Achemwali anga a Flossie, amenenso ndi namwino, ndiwo anandiperekeza. Iwo anati sangachoke chifukwa odwala a kuno nawonso ndi anthu. Ndinawayankha kuti inenso ndine munthu, ndipo tinaseka mpaka kuiwala kunenerera chikhothicho.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ndinyamuke, anandikhazika pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwawo ku Area 12 n'kundiluka tsitsi. Ife tinakula tikulukana kwathu ku Nathenje, ndipo nkhani zonse zovuta, za anyamata ndi za mayeso, tinkazikamba wina atawerama, wina ali kumbuyo ndi chipeso. Mwana wawo Tadala anali wamng'ono nthawi imeneyo. Anagona pamwendo pa mayi ake mpaka kuluka kunatha.

Ndalama kunja kuja zinalipo, sindinama. Ndinafolera nyumba ya amayi ndi malata, ndinalipirira sukulu ana a malume, ndipo abale amene sankandidziwa anayamba kundikumbukira. Koma ndalama siyankha moni. Ndinkakhala m'kachipinda kamodzi, ndipo Lamlungu lina ndinkatha tsiku lonse osatsegula pakamwa kupatula potsuka mano. Kenaka kunagwa mliri wa korona. Odwala ankafa opanda wachibale pambali, ndipo ife anamwino ndife tinkawagwirira foni kukhutu kuti atsanzike. Ndinkalira m'basi popita, ndinkalira m'basi pobwera, chigoba chapankhope chikundibisira manyazi.

Akuluakulu a chipatala anatumiza mayi wina kuti adzayeze nkhawa ndi kupsinjika maganizo pakati pa ife ogwira ntchito. Ankakukhazika pampando, iye patsogolo pako, maso ndi maso, n'kumafunsa ngati ukugona tulo, ngati chakudya chikukoma, ngati umadzidzimuka, ngati umalira. Mwana wa ku Nathenje, mlendo akufunse ngati umalira, iwe n'kuvomera? Funso lililonse ndinaliyankha kuti ndili bwino, ndikumwetulira ngati ndili pa chinkhoswe. Zotsatira zitabwera ndinapezeka kuti ndine wolimba mtima kuposa wina aliyense mu wodi yathu, ndipo anandiyamikira.

Amene anandigwira ndi mayi Tembo, namwino mnzanga wa ku Chipata. Tsiku lina tili pa ofu anadzipereka kuti andiluke, popeza mutu wanga unali utayamba kuopseza odwala. Atangoyamba kupesa anaima.

"Iwe Esinati, apa tsitsi lapita kuti?"

Panali kadazi pakati pa mutu, kosalala ngati chikhatho. Sanandikalipire. Anapitiriza kuluka n'kumandifunsa za tulo ndi za chakudya, mafunso omwe aja a mayi woyeza. Koma tsopano ndinali nditawerama, maso ali pansi, wondifunsa ali kumbuyo, ndipo ndinanena zonse. Sabata yotsatira ndinabwerera kwa mayi uja kukapempha kuti andifunsenso. Anandipezera wondithandiza, ndipo nditakhala bwino anandiphunzitsa kufunsa anzanga mafunsowo ndi kuzindikira amene wafika pofunika dokotala. Ntchito imeneyo ndinaidziwa bwino, ndipo ndimainyadira mpaka lero.

Nthawi yonseyi mauthenga a achemwali ankabwera okoma okhaokha: tili bwino, Mulungu akutisunga. Zoti makondakitala ankawakaniza kukwera minibasi akawaona ndi yunifolomu ndinazimva kwa ena. Zoti anasamukira m'kanyumba ka kuseri, mmene kale munkagona mlonda, ndinazimva kwa alamu, a Mbewe. Pachiyambi aliyense anazimvetsa, chifukwa Tadala ali ndi mphumu ndipo mayi ake ankagwira ntchito mu wodi ya odwala korona. Koma mliri unatha, anthu anavula zigoba, mipingo inadzaza, achemwali osabwerera m'nyumba yaikulu. Ankaphika, ankachapa, ankalipira sukulu, koma mwana wawo sankamukhudza ngakhale paphewa.

Alamu anandiimbira kuti atopa ndipo aitana ankhoswe. Abale a mbali yawo ankati mkazi wapeza wina kuchipatala. A mbali yathu ankanong'ona za kulodzedwa. Tadala naye anali atauza aphunzitsi ake kuti mayi ake anasiya kumukonda. Kontirakiti yanga inali kumapeto ndipo ankafuna kundiwonjezera ina. Ndinakana, n'kulongedza.

Lilongwe ndinaipeza itasintha, misewu yatsopano paliponse moti ndinasokera pa City Centre ngati mlendo. Achemwali anandilandira pa geti atavala duku, manja ali kumbuyo. Nditawafunsa mmene alili anati ali bwino, akumwetulira kumwetulira kumene ndinkakudziwa. Sindinafunsenso. M'mawa mwake ndinapita ku Tsoka kukagula meshi, ndipo pobwera ndinayala mphasa pansi pa mango uja n'kuwauza kuti ngongole ya kuluka kwa tsiku lija sindingafe nayo. Anakana, ndinaumirira, ndipo pa kuumirira palibe amene anandiposapo kwathu.

Duku litachoka ndinaluma mlomo. Tsitsi linali litathothoka m'mbali monse ndi pankhongo. Manja amene anaika pamaondo anali ong'aluka ndi sopo. Ndinayamba kupesa pang'onopang'ono, n'kuwafunsa ngati amagona. Anati tulo timabwera kukamacha. Ndinafunsa za chakudya, za maloto, za kudzidzimuka, funso limodzi kenaka mzere umodzi wa tsitsi. Ndinafunsanso funso limene anthu amaopa, ngati anaganizapo zodzichotsera moyo. Anati ayi, koma nthawi zina amalakalaka atangosowa. Kenaka anayamba kulankhula okha.

Tsiku lina mliri uli pachimake, namwino mnzawo anafera m'manja mwawo. Achemwali anabwera kunyumba mutu utaima, ndipo Tadala atawathamangira anamukumbatira asanasambe. Posakhalitsa mwanayo anabanika mpaka kugonekedwa. Madokotala anati ndi mphumu yake yomwe ija, si korona, koma mtima wa achemwali sunamve zimenezo.

"Ndikamuyang'ana ndimaona chubu m'mphuno mwake," anatero. "Manja angawa anatseka maso a anthu ambiri, Esinati. Ndingamugwire nawo bwanji mwana?"

Ndinawauza kuti si ufiti, si kuuma mtima, ndi matenda, ndipo inenso ndinadwala omwewo. Ndinatenga chala chawo n'kuchiyendetsa pamene panali kadazi kanga, pamene tsitsi linameranso lofewa. Ndinawauzanso kuti mayankho awo akusonyeza kuti afunika kuonana ndi katswiri wa za maganizo, ndipo ndidzawaperekeza ndine. Sanakane.

Tadala anali pakhonde akutiyang'ana chapatali, monga anazolowera. Ndinafunsa achemwali chapansipansi ngati ndingamuitane. Anagwedeza mutu kuvomera. Ndinamuitana n'kumuuza kuti zala za anti zatopa, aluke mzere umodzi. Anabwera monyang'ama n'kuima kumbuyo kwa mayi ake.

"Mami, ndingakugwireni?"

Mapewa a achemwali anauma ngati thabwa. Ndinaona akukanikiza manja awo pakati pa maondo. Koma sanasunthe, ndipo zala za mwanayo zinalowa m'tsitsi. Mzerewo usanafike pakati, dzanja long'aluka lija linakwera pang'onopang'ono n'kugwira mwendo wa Tadala. Tonse atatu tinalira, ndipo mlonda amene ankathirira maluwa anapeza chochita kuseri.

Ankhoswe anafika Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, nkhope zili zokonzekera mlandu. Ndinapempha kuti ndilankhule asanayambe, ngakhale si malo anga, ndipo ndinafotokoza zimene ndinapeza. Alamu anawerama. Amalume, amene analawirira kuchokera ku Nathenje ndi mawu okalipa m'kamwa, anavula chipewa n'kuyang'ana achemwali.

"Mwanawe, tinkakuombera m'manja tili kutali, koma sitinakufunse. Tinakusiya wekha."

Sizinathe tsiku lomwelo. Achemwali anatenga miyezi akuonana ndi katswiri uja, ndipo kulowa m'nyumba yaikulu kunali kwa pang'onopang'ono, alamu akudikira moleza mtima. Ine ndinapezanso ntchito kuno, ndipo Loweruka lililonse anamwino anzawo a achemwali amabwera pansi pa mango uja. Wina amabwera ndi meshi, wina ndi chipeso, ine ndi mafunso anga. Amene ndaona kuti katundu wamulemera ndimamuperekeza kwa odziwa.

Ndinapita kunja ndikuganiza kuti olimba ndi amene amachoka. Ndinabwerera n'kupeza akazi amene anaima mu wodi popanda wowafunsa ngati akugona, akukanidwa m'minibasi, m'mawa n'kuvalanso yunifolomu. Mafunso ndinabwera nawo pa ndege, koma mphasa, chipeso ndi kuwerama kuja zinali za kwathu kuyambira kale, ndipo popanda zimenezo palibe akanandiyankha zoona.

Mzere umene analuka Tadala unali wokhota ngati njira ya kudimba. Madzulo a tsiku lija ndinatenga chipeso kuti ndiumasule ndilukenso bwino, poti Lolemba achemwali amapita kuntchito. Anandigwira dzanja.

"Ina yonseyo konza," anatero. "Umenewo usiye."