Ndapukuta dzimbiri la sitima ya bambo a Tadala

Mwaswera bwanji nonse. Ine lero ndapalamula.

Mukudziwa kuti chiwachotsereni ntchito kufakitale ku Germiston, bambo a Tadala saseka n'komwe. Chimene chimawadzutsa pabedi ndi kasitima kapulasitiki kaja, koyerekeza sitima yoyenda pansi pa madzi, kamene amamata ndi kupenta okha. Loweruka akufuna kukakaonetsa kwa anzawo opanga zomwezi ku Kempton Park.

M'mawa atatuluka, ndinakaona pawindo kali mbuu, m'mbalimu muli mizere yofiirira. Ndinati basi Tadala wakagwira ndi manja akuda. Mantha! Ndinatenga kansalu konyowa n'kukapukuta mpaka waliwali.

Abale inu, mizere ija linali dzimbiri lomwe bambo a Tadala anachita kupaka dala ndi ufa wa choko, kuti kaoneke ngati kakhalitsa m'nyanja. Satifiketi yanga yakukoleji sinandiphunzitse zimenezo.

Atabwera anakayang'anitsitsa. Kenako anaseka mpaka kukhala pansi. "Amake Tadala, mwaipititsa kusevisi sitima yanga?"

Panopa andipatsa kaburashi, akuti tikadetsenso limodzi. Koma kuseka kwawo kuja ndinakusowa.

Akutinso Loweruka tipitire limodzi, ndikafotokoze ndekha. Achemwali, mukuona bwanji, ndipite?