Kaseti Imene Inayankhula Chobwerera

Ndikakumbukira chilimwe cha ku Kawale, ndimaona achimwene anga, a Limbani, atakhala pakhonde, wailesi ya kaseti ili pamiyendo, akugwedeza mutu ngati gulo. Kasetiyo anaipeza m'thumba la jekete ya pakaunjika. Zinali nyimbo zakale za azungu, magitala olira ngati chigayo, koma mawu ake ochokera m'Masalimo. Achimwene ankandimasulira mzere ndi mzere, ndipo ine, kamtsikana ka zaka khumi, ndinazikonda koopsa. Kutchalitchi tinkaimbira Mulungu mwaulemu. Oimba awa ankamukuwira ngati mwana wotayika pamsika.

Chaka chimenecho mphekesera za asataniki zinali ponseponse, pampopi, m'minibasi, ngakhale kusukulu. Ankati nyimbo zawo zimayankhula chobwerera. Kamvuluvulu akadutsa ndi fumbi lake, amayi ankatikokera m'nyumba. Aneba anayamba kunong'ona za phokoso la kwathu, ndipo bambo, omwe anali mkulu wa mpingo, anati Loweruka abwera ndi akuluakulu anzawo adzamve okha. Zikapezeka zoipa, achimwene apita kumudzi ku Ntcheu, mayeso a Fomu 4 asanalembe. Achimwene anangoseka, poti analibe chobisa.

Lachisanu masana, iwo ali kusukulu, ndinaiba mpata womvera. Wailesi inatafuna tepi. Ndinaisolola, n'kuikulunga ndi bolopeni, osadziwa kuti ndaipotoza.

Loweruka akuluakulu atatu anakhala pabalaza, thukuta lili kamukamu. Achimwene anadina batani monyadira. Nyimbo inayamba bwinobwino, kenaka mawu anamira, n'kuyamba kutuluka chobwerera, ngati munthu akuyankhula ali m'chitsime. Mkulu wina anaimirira Baibulo lili kutsogolo. Amayi analira.

"Alipo wina anaigwira kasetiyi?" anafunsa bambo.

Achimwene anandiyang'ana kamodzi kokha. Ine ndinayang'ana pansi. Ndinkaopa kuti ndikavomera, andinena kuti wasataniki ndine.

Kasetiyo anaiwotchera kuseri kwa bafa, ndipo fungo la pulasitiki linakhala m'zovala zathu masiku angapo. Lolemba achimwene anakwera basi. Mayeso sanalembe, ndipo mpaka lero amalima mbatatesi. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi ndinachimva chikubwera, ndipo ndinali nawo mawu ochibweza.

Masiku ano nyimbo zija zimapezeka pafoni, zopanda tepi yoti n'kupotoka, ndipo ndikamva magitala aja ndimasangalala ndi kuchita manyazi nthawi imodzi. Nditapita ku Ntcheu chaka chatha, ndinawaulula zonse achimwene tili m'munda. Sanasiye n'kupalira komwe.

"Ndinkadziwa, mlongo wanga," anatero. "Ndinkangodikira kuti unene wekha. Ndinadikira mpaka basi inanyamuka."