Pasi Imene Ndinaponyera Tiyamike

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti m'Ndirande monse munalibe mtsikana wondiposa pa basiketibolo. Musandiseke, ndinkamwetsadi. Bwalo lathu linali kuseri kwa holo ya tchalitchi china kumtunda kwa msika. Simenti yake inali yong'ambikang'ambika, maring'i oponyeramo mpira opanda ukonde, ina yopendekeka ngati chipewa cha chidakwa. Ukagwa pamenepo, khungu la pabondo linkatsalira pomwepo.

Otiphunzitsa anali a Namaona, bambo wamtali amene ankasenza matumba m'magodauni a ku Makata. Ankabwera akaweruka, fumbi la ufa lidakali m'tsitsi, wenzulo ili m'khosi. Ife tinkangoti a Kochi.

Tsiku lina anafika ndi mtsikana wachialubino, dzina lake Tiyamike. Anavala chipewa cha khonde, malaya a manja aatali ndi magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Ife tinachita zimene tinkaona akuluakulu akuchita mumsewu: aliyense anakoka khosi la malaya ake n'kulavuliramo timalovu, akuti kuopa kudzabereka mwana wotero. Inenso ndinalavula nawo. Kaya Tiyamike anaona, sindikudziwa. A Kochi ndiye anaona.

Sanatikalipire. Anangotiikira malamulo. Loyamba linali lakuti mpira usaponyedwe ku ring'i usanakhudze manja a anthu onse asanu. Lachiwiri linali la Tiyamike.

“Maso a mnzanuyu sagwirizana ndi dzuwa,” anatero. “Mpira wa m'mwamba amauona utamufika kale pamphuno. Mukafuna kumupatsa, muyambe mwaitana dzina lake, kenako munjanjitse mpirawo pansi kuti aumve ukubwera. Mwamva?”

Panalinso lachitatu, limene pa nthawiyo ndinkaliona ngati chintchito chabe. Zinali zaka zija anthu achialubino ankangosowa, ena n'kupezeka m'tchire atadulidwa ziwalo. Mayi ake a Tiyamike anali atamuletsa kumsika, kokatunga madzi, ngakhale kukhala pakhonde. Kusukulu ankamuperekeza okha n'kukamudikira pageti. Za mpirazi anavomera a Kochi atalonjeza kuti timu yonse izikamutenga pakhomo ndi kukamusiya dzuwa lisanalowe. Maola awiri a pabwalo aja ndi okhawo amene mwanayo ankathamanga panja ngati mwana wina aliyense.

Kunena zoona, sanali wotopetsa. Ankaseka mokweza, chikhakhali cha munthu amene wachisunga m'nyumba nthawi yaitali. Ankatizindikira ndi mayendedwe. “Memory, nsapato yako yakumanzere ikupempha mpumulo,” ankandiseka ndisanafike n'komwe. Patatha miyezi iwiri anayamba kugwira mpira bwino ndithu, ndipo pansi pa ring'i sankasunthika, ukamukankha umabwerera wekha. Anzanga anasiya kulavula. Inenso ndinasiya, koma mumtima ndinali ndi kanthu. Ndisanamudziwe Tiyamike ndinkalandira mpira n'kuthamanga nawo ndekha mpaka kumwetsa, anthu n'kukuwa dzina langa. Tsopano ndinkayenera kuima, kumufunafuna, kuitana, kunjanjitsa. Zinkandiwawa, ndisaname.

Loweruka lina kunabwera timu ya ku Chilomoni. Dzuwa linali la Okutobala, loswa mtengo, simenti ikuotcha kudzera m'nsapato. Ndinapempha a Kochi kuti tsikulo lamulo la asanu lipume.

“Lamulo la pulakatisi ndi lomwelo la gemu,” anandiyankha osandiyang'ana.

Atsikana a ku Chilomoni sanachedwe kutulukira chinsinsi chathu. Akangomva kuti “Tiya!” ankathamangira komweko n'kulanda mpira usanafike. Anatilanda katatu motsatizana. Anyamata amene anakhala pampanda anayamba kutizazira: “Mwagula mzungu koma akukudyetsani!” Gemu ili pafupi kutha, tikutsalira ndi basiketi imodzi, mpira unandipeza ine. Njira yopita ku ring'i inali pululu. Anayi tinali titaukhudza kale, anatsala Tiyamike, ataima chakumanja, akutsinzinira dzuwa limene linali kumbuyo kwanga.

“Asanu, Memory! Asanu!” anakuwa a Kochi.

Sindinaitane dzina lake. Sindinanjanjitse. Ndinauponya molunjika kumaso, ndi mphamvu zonse za m'mapewa mwanga.

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuuza anthu kuti ndinkafuna kupusitsa a ku Chilomoni aja. Bodza limenelo. Ndinkafuna a Kochi aone ndi maso awo kuti munthu wawoyo sangagwire mpira weniweni, kuti andimasule. Ndinkadziwa kuti sauona.

Unamumenya pakati pa maso, phwa! Chipewa chinagwa, magalasi anathyoka pakati, galasi lina n'kusweka pasimenti. Pamphuno panang'ambika. Magazi pakhungu lake anaoneka ofiira kuposa magazi alionse amene ndinawaonapo, ndipo mpaka lero ndikatseka maso ndimawaona. Tiyamike anagwada n'kumapapasa pansi kufunafuna zidutswa za magalasi, uku akunena kuti, “Pepani, pepani anzanga, sindinauone.” Amene ankapepesa anali iyeyo.

Lolemba a Kochi anandiitanira pambali.

“Unaitana?”

“Ndinaitana, koma kunali phokoso.”

“Chabwino,” anatero. “Ine ndinalibe makutu tsiku limenelo. Iwe ndiwe ukudziwa.” Sanandichotse mutimu, sanandithamangitse mozungulira bwalo. Bola akanandimenya.

Tiyamike sanabwerenso. Magalasi otero sankapezeka msanga, ndipo mayi ake ataona chilonda chija anati basi, zakwana. A Kochi anapitako kawiri kukawanyengerera, koma anabwerako chimanjamanja. Ife tinapitiriza kusewera. Lamulo la asanu linapepuka, ine ndinayambiranso kumwetsa, anthu anayambiranso kukuwa dzina langa. Ndikamapita kugolosale ndinkadutsa pakhomo pa makolo a Tiyamike. Zenera la kuchipinda linali lotseka nthawi zonse, katani yake yamaluwa obiriwira nthawi zina ikugwedezeka pang'ono. Ndinkafulumiza miyendo. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndigogoda.

Mvula yoyamba itagwa, ndinapeza kalole kataima pakhomopo, anthu akukweza matilesi ndi mabeseni. Ntchito ya bambo ake inali itatha, ankabwerera kumudzi, chakumalire ndi Mozambiki. Ndinafuna kuzemba koma mayi ake anandiona.

“Iwe si ndiwe Memory? Tabwera kuno mwanawe.”

Ndinati lero ndiye zaululika. Ndinafika n'kunjuta, maso ali pansi.

Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. “Zikomo mwanangu,” anatero. “Mnzakoyu sasiya kukutchula. Akuti pa onse aja, iwe ndi amene unkamupatsa mpira bwino, wofika m'manja mwenimweni. Za ngozi ija akuti anapusa yekha, anayang'ana kumbali. Mulungu akudalitse.”

Tiyamike anali atakhala kale kutsogolo kwa lole, chitenje chili kumutu, chipsera chili pamphuno. Anatembenukira kumene kunali mawu athu. Iye ankadziwa kuti sindinamuitane, makutu ake sankaphonya kanthu.

“Tsala bwino, Memo,” anatero.

Mpata unalipo. Lole inali isanalizidwe, mayi ake anali asanandisiye dzanja. Ndikanatha kunena mawu atatu okha: ndinachita dala, pepani. Koma ndinayankha kuti, “Zikomo amayi, muyende bwino.” Madalitso aja ndinawalandira n'kupita nawo kunyumba.

Kuchokera tsiku limenelo sindinamvenso za iye. Dzina la mudzi wawo sindinafunse. Sindikudziwa ngati anapitiriza sukulu, ngati anapezanso anthu omuperekeza, ngati ali moyo. Ndafufuza pafoni, ndafunsa a Kochi asanamwalire, palibe akudziwa.

Pano ndakula, ndipo ndikuona chimene ndinkalephera kuona ndili mwana. Ndinkaganiza kuti a Kochi akundilanda mabasiketi anga n'kupatsa munthu wina chifukwa cha chisoni. Ayi ndithu. Ankandipatsa ntchito yaikulu kuposa kumwetsa: kusunga malo a mnzanga padzuwa, pakati pa anthu, pa nthawi imene dziko lonse linkamukankhira m'chipinda. Malowo anali m'manja mwa atsikana anayi, ndipo anangofunika mmodzi kuti awagwetse. Timu imene yapambana itataya munthu wake sinapambane kanthu. Koma chimene chimandiluma kwambiri si pasi ija. Tiyamike, amene ine ndinkamuona ngati katundu wa timu, ndi amene anandiphimba pamaso pa mayi ake ngati mnzake weniweni wa mutimu, ndipo ine ndinamulola kukwera lole ndi mlandu wanga pamutu pake.