Tsiku Lomwe Ndinapukusa Galimoto ya Madala a ku Romford

Zaka zomwe ndinkasamalira okalamba m'makomo mwawo ku Romford, ndinkapita kwa madala ena achizungu, makanika wopuma ntchito. M'galaja mwawo munkagona galimoto ya ku America, yopangidwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanabuke. Boneti yake inali yaitali moti mphuno ikafika Lachiwiri, woyendetsa amakhala akadali Lolemba. Ndinayeza ndekha.

Madalawo ankati mwini wake woyamba anali mpondamatiki wa njanji. Galimotoyo inawoloka nyanja pa sitima, n'kukathera pa famu ina, nkhuku zikuikira mazira pa mipando yachikopa. Iwo anaitola ili chiphakasa, n'kuikonza zaka makumi atatu. Nyali zake zamkuwa ankazipukuta mpaka ndikasuzumiramo ndinkadziona ndili mwana. Koma kulira kwa injini anali asanakumve. Inkalira ndi handulo yopukusa ndi dzanja, ndipo pomwe ankamaliza kukonza, mkono unali utatha mphamvu.

Mwana wawo wamkazi anati Loweruka awasamutsira kunyumba yosungira okalamba, galimoto ipite kwa wogula. Lachisanu masana, nditawamwetsa mankhwala, anandikoka malaya.

"Iwe, unapukusapo injini?"

"Bambo, ine ndinakulira pachigayo cha amalume ku Mchinji."

"Ichi si chigayo. Chimathyola dzanja."

"Chigayo chinawathyola amalume kawiri. Chala chachikulu osachikulunga pa handulo, ndipo umakoka chokweza, osakankha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Kanditengere chipewa."

Ndinatsegula chitseko cha galaja, n'kuwakhazika pachiwongolero. Ndinalavulira m'manja monga tinkachitira kwathu. Kukoka koyamba, zii. Kachiwiri inatsokomola, n'kulavula nthenga ya nkhuku ya nthawi ya nkhondo. Nthengayo ndinaisunga m'Baibulo, wokayika abwere adzaone. Kachitatu inayamba kuguguda, modekha, ngati munthu wolemera amene sathamangira basi.

Sitinasunthe ngakhale phazi limodzi. Utsi wabuluu unkayandama m'kadzuwa kozizira kaja, ine nditakhala pambali pawo ndikumva chigayo, ndikuona azimayi pamzere ndi matumba awo, nsidze zitayera ndi ufa. Madala anali atatsinzina, akukhota makona a msewu womwe ine sindinkauona.

"Tafika pati, bambo?"

"Khala chete, pano n'potsetsereka."

"Ndizimitse?"

"Isiye, izima yokha."

Loweruka anakwera galimoto ya mwana wawo osadandaula. Anangokana chinthu chimodzi, kuti ndiwasambitse m'manja. Ananyamuka akununkha oyilo.