Ndodo Imene Malume Anandisemera

Kuseri kwa chitseko changa kuli ndodo yapaini, yaifupi, yosalala pogwirira. Anandisemera ndi malume chaka chimene bondo langa lakumanzere linatupa, ndili mu Sitandade 5 ku Masasa, mu mzinda wa Mzuzu. Sindinaitaye, koma musaganize kuti ndimaikonda.

Anayamba kuona ndi aphunzitsi. Inali nyengo yamvula, matope a ku Masasa akumata nsapato ngati phala, ine ndikukwera chitunda cha kusukulu mokoka mwendo. Anagwira pamwamba pa bondo, pamene panali potentha ndi polimba, n'kuuza amayi m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka: "Mama, ichi si chakugwa yayi. Pitani naye kuchipatala."

Adokotala anationetsa chithunzi cha fupa. Chotupa chinali kulidya cham'kati. Anati njira zilipo ziwiri: kudula mwendo, kapena kuchotsa chigawo chodwalacho n'kuikapo kafupa kakang'ono ka m'mbali mwa msongolo wanga womwe, kamene munthu amatha kuyenda popanda iko. "Koma tifulumire," anatero. "Chikafika m'bondo, njira itsala imodzi."

Ife ndife a ku Dowa. Ku Mzuzu inatibweretsa ndi ntchito ya boma ya bambo, amene pa nthawiyo anali atatisiya kale. Kwathu mwini mbumba ndi malume, ndipo nkhani yaikulu ya mwana sigamulidwa iwo palibe. Amayi anaimba foni, tinadikira. Chimanga chinamera, chinakula, chinatulutsa ngayaye, malume akuti akumaliza kaye kuthyola fodya. Fodya, anthuni! Ine apo n'kuti ngakhale siketi ikakhudza bondo ndikulira.

Atafika anakhala pampando wa bambo, n'kukana kwamtuwagalu. "Fupa la mwana wa mlongo wanga lichotsedwe? Mukudziwa kumene amapita nawo mafupa a anthu masiku ano?" Amayi anafotokoza atagwada kuti fupalo silipita kulikonse, lingosamukira pamwamba m'mwendo womwewo. Ayi ndithu. M'mawa mwake anagula thabwa kwa ocheka matabwa, n'kusema ndodo iyi. "Aziyendera imeneyi, zina zonse Mulungu aona." Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwira. Munthu wamkulu ndi ndevu zake kuopa mphekesera kuposa chotupa chimene ankachiona ndi maso ake!

Malume atangokwera basi, amayi anandibereka kumbuyo, chimtsikana chonse ine, miyendo ili lendelende, kukauza adokotala kuti avomera okha. Anatitumiza kuchipatala chachikulu kum'mwera. Ndimakumbukira fungo la mankhwala, pulasitala woyabwa kuyambira m'ntchafu mpaka kuphazi, ndi miyezi yambiri yoletsedwa kuponda pansi kufikira fupa litagwirana. Mwendowo ndili nawo mpaka pano. Ndimatsimphina pang'ono, koma ndi wanga.

Chaka chotsatira agogo, obereka amayi, anamwalira, ndipo tinapita ku Dowa. Malume anangoyang'ana zipsera zanga ziwiri. Ana aakazi a malemu anakhala m'siwa pafupi ndi bokosi, monga mwa mwambo. Amayi okha anakhala panja pansi pa mtengo wamango, pamodzi ndi alendo, akundisisita bondo, misozi ikugwera pachitenje. Ine ndinanyada kwabasi, poganiza kuti asankha kukhala ndi ine. Sindinadziwe kuti malume anali atawabweza pakhomo pa siwa chifukwa chosamvera mawu awo.